Mpira Wosabwerera Kwawo

Imelda sanalire. Anangoima pakhomo la kalasi, chitenje chitanyowa ndi mame a m'njira ya ku Mkanda, kudikira kuti mlongo wake amalize kufufuta bolodi.

"Achimwene, Eneya amutenga."

"Amutenga ndani?"

"Apolisi. Akuti wapha munthu kwa a Kwacha."

A Vitus Msampha anaika choko pansi pang'onopang'ono. Eneya anali mwana wa mlongo wawoyo, ndipo pa mbumba yonse mwamuna wamkulu wotsala anali iwo. Mlandu wa Eneya unali wawo. Anauza ana a Fomu 3 kuti amalize okha masamu amene anawapatsa, natuluka.

Kupolisi anapeza Sajeni Benedicta Kalinde, mayi wosachulutsa mawu. Anawapatsa mpando, nawayalira nkhani yonse osabisa kanthu.

"Dzulo masana, mvula ili pafupi kugwa, Eneya anakangana ndi munthu wina wotchedwa Cyprian pakhomo la nyumba yosewerera pulu ya a Kwacha pa Kamwendo. Anamukankha, anthu akuona. Mvula itakata, Cyprian anapezeka ali gone pafupi ndi khomo lomwelo, mutu utasweka kunkhongo. Magazi ali pangodya ya tebulo yoyandikana ndi khomo, ndipo alowa mpaka m'thabwa. Mukanakhala inu, aphunzitsi, mukanagwira ndani?"

"Ndikanagwira Eneya," anayankha a Vitus.

"Lachisanu tipita naye kubwalo. Akakangoti akadikirire kundende, ndiye wa ku Lilongwe. Milandu yakupha mukuidziwa mmene imachedwera."

Anawalola kulankhula naye pazenera la chitokosi. Eneya, wakabaza wosekaseka amene msika wonse unkamudziwa, anali atafota usiku umodzi wokha.

"Malume, kukankha ndinamukankha, sindikana. Amafuna ndizimunyamulira zigubu za petulo mozemba, kudzera m'tchire la kumalire ku Kachebere. Ndinati ayi, njinga yanga ndi yonyamula anthu. Basi anaiponda, masipoko thyo thyo thyo! Mukanatani inuyo?"

"Anagwa bwanji?"

"Chamatako, pakhomo penipeni. Tebulo sanalikhudze n'komwe. Anadzuka n'kuyamba kutukwana amayi. Munthu wosweka mutu amatukwana, malume?"

"Anaona kuti wadzuka ndani?"

Eneya anayang'ana pansi.

"Mvula inali itayamba. Aliyense anathawa."

*

Pakhonde la nyumba ya pulu pankakhala mayi Luwiza ndi beseni lawo la mandasi. Sanafunike kufunsidwa kawiri.

"Ine aphunzitsi bodza ayi, ndine wa Chigwirizano ine. Kukankha ndinaona ndi maso angawa. Koma mphepo inanyamula pulasitiki yanga yovindikira, ndiye ndiyang'ane amuna akumenyana, mandasi anga anyowe? Ndinathawira ku saluni uko. Pocheuka ndinaona Eneya akukankha njinga yake kulowera kumsewu, ndi a Kwacha akutseka chitseko."

"Anatseka?"

"Eya, mvula imawombera mkati. Mvula yake ya matalala ija! Pamalatapo, ngakhale akanaphera nkhumba mkatimo, sitikanamva."

"Mkati munatsala ndani?"

"A Kwacha, mlamu wawo Blessings uja woyang'anira tebulo, ndi malemuwo. Chitseko chinatseguka mvula itatheratu. A Kwacha anatuluka manja ali kumutu, akuti munthu uja wakhala akuvutika chigwereni, ndipo watsirizika. Tengani ndasi limodzi, aphunzitsi, nkhope yanu yandimvetsa chisoni."

A Vitus analandira ndasilo, koma linafika kunyumba lili m'thumba la jekete.

*

Nyumba ya pulu ija sanali mlendo nayo. Loweruka masana, anyamata akapita kukaonera mpira pa kanema, iwo ankabwera kudzasewera okha. Mowa sankamwa, juga sankachita. Chinkawakoka chinali tebulolo.

Silinali ngati a m'tauni, oponya ndalama pabowo. Analikhoma ndi mmisiri wa pomwepo, a Enoki, ndi matabwa a mlombwa, matumba ake a ukonde, ndipo linali lofanana ndendende uku ndi uku. Kumutu ndi kumiyendo kunalibe kusiyana. Pa tebulo lotere a Vitus ankaona ndi maso zimene ankaphunzitsa ndi choko. Mpira ukagunda khoma umachoka mmene unafikira, monga kuwala pagalasi. Ankagoneka ndodo kuchokera pangodya ina kufika pangodya yakutali yopingasana nayo, n'kuisendeza chammbali osaipotoza, kenako n'kumenya mpira woyera motsata ndodoyo. Mpirawo unkagunda makoma onse anayi ndi kubwerera pamalo pomwe unachokera. Ukanakhala wosatopa, ukanayenda njira yomweyo mpaka dziko kutha. Anyamata anatcha kamenyedwe kameneka mwana wolowerera, poti amapita kutali koma amabwerera kwawo.

A Vitus ankauza ana awo a sukulu kuti khalidweli limachokera pa kufanana kwa mbali. Tebulo la ngodya zitatu zofanana, kapena la ngodya zisanu ndi imodzi ngati chisa cha njuchi, nalonso lili ndi njira zambiri zobwerera. Koma likapotoka, nkhani imavuta. Cholakwika chaching'ono chimene diso silichiona pa khoma loyamba chimakula pa lachiwiri, ndipo pofika pa lachinayi mpira uli kwina. Akatswiri a masamu mpaka lero sanatsimikize ngati tebulo lililonse la ngodya zitatu, ngakhale lopotoka chotani, lili ndi njira imodzi yobwerera.

Maliro a Cyprian atatha, Lachitatu, a Kwacha anatsegulanso nyumba yawo. A Vitus analowa dzuwa litapendeka pang'ono. Munalibe wosewera. Pangodya ya kukhomo, nsalu yobiriwira inali yakuda ngati pogwera mafuta a galimoto, ndipo thabwa linali litapalidwa ndi mpeni, koma banga silinachoke.

"Aphunzitsi! Lowani, lowani, akulu anga." A Kwacha anawagwira dzanja ndi manja awiri. Anali munthu wonenepa, wa mawu ofewa, wozolowera kuyankhula ndi a m'malire. "Pepani kwambiri. Ine Eneya uja ndimamukonda ngati mwana wanga. Koma mkwiyo, akulu anga, mkwiyo ndi Satana."

"Munaona Cyprian akugwa?"

"Ndi maso awa. Chagada, mutu pangodya apo, gu! Tinamugoneka, tinamuthira madzi. Galimoto mukanaipeza kuti ndi matalala aja? Si choncho, alamu?"

Blessings, mnyamata wamtali wosayang'ana munthu kumaso, anali akupukuta mipira ndi kansanza pafupi ndi chitseko cha kumbuyo, cholowera m'chipinda cha katundu.

"Ndi choncho."

"Anadzukako atagwa?"

"Sanadzuke," anatero a Kwacha, Blessings asanatsegule pakamwa. "Aphunzitsi, musadzizunze. Nayi ndodo yanu. Menyaniko kamodzi, mtima ukhale pansi. Lero simulipira."

A Vitus sanafune kusewera. Analandira ndodoyo chifukwa kukana kukanaoneka ngati mwano. Anaika mpira woyera pamalo pake pa nthawi zonse, anagoneka ndodo pangodya, naisendeza, namenya.

Khoma loyamba. Lachiwiri. Lachitatu. Lachinayi.

Mpirawo unadza pang'onopang'ono, unadutsa chapatali ndi pomwe unachokera, kutalika kwa chikhatho chathunthu, nukaima chakukhomo.

"Maganizo achuluka," anaseka a Kwacha. "Dzanja likunjenjemera."

A Vitus anayang'ana dzanja lawo. Silinkanjenjemera. Anamenyanso. Mpira unasocheranso, mbali yomweyo, mtunda womwewo. Dzanja lonjenjemera limalakwa mosiyanasiyana. Cholakwa chobwereza malo amodzi chimakhala cha tebulo.

Anagwetsa choko cha ndodo mwadala, nawerama kuti achitole. Miyendo inayi ija inali itaponda m'zipsera zake zakale pasimenti, palibe umene unaphonya. Koma pansi pa miyendo iwiri ya kukhomo panali makatoni opindapinda, opanikizidwa mpaka kuphwatalala.

Atadzuka, anapeza kuti Blessings wasiya kupukuta. Anali akuwayang'ana, kwa nthawi yoyamba, m'maso.

*

A Enoki anali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa msika, akupala chitseko. Makutu awo anali atayamba kuuma ndi ukalamba, motero ankayankhula mofuula ngati onse ndi ogontha.

"Mwati chiyani? Katoni?"

"Pansi pa miyendo ya tebulo la kwa a Kwacha."

Anaika puleni pansi.

"Tebulo langa siliponda katoni! Za katoni ndi za anyamata awa ophunzira ntchito pa foni. Ine ndikakhoma chinthu chimakhala pansi ngati mwala."

"Mwina simenti yatitimira."

"Simenti ya m'nyumba ija ndi yotsetsereka chimangireni. Womanga anaipendeketsa dala kuti madzi okolopa azitulukira pakhomo. Ndiye ine ndinatani? Tebulo ndinalikhomera mkati momwemo, levulo ili pamwamba. Miyendo ya kukhomo ndinaisiya yaitali, ya kumbuyo ndinaidula, kunenepa kwa chala changachi. Mwendo uliwonse ndi wa malo ake. Umenewo ndiwo umisiri, aphunzitsi. Mukumva?"

"Ndikumva. Nanga munthu atalitembenuza, kumutu kupita kumiyendo?"

"Alitembenuzirenji? Wamisala?" A Enoki anaima kaye, nakanda chibwano. "Yaifupi ingapite kotsika. Mipira yonse ingathamangire pakhomo ngati mbuzi zaona chimanga. Pokhapokha ataika..."

Sanamalize. Anayang'ana a Vitus, navula epuloni yawo.

Pobwerera, a Vitus anaganiza za phunziro limene anakhala akuphunzitsa zaka zonsezi osaliona mbali yake ina. Chinthu chofanana uku ndi uku n'chokhulupirika: chimabweza mpira kwawo. Koma kufanana komweko kumachititsa kuti chikatembenuzidwa chisaulule. Aliyense amene analowa m'nyumba ija, apolisi ngakhale iwo omwe, anayang'ana pamwamba pa tebulo, ndipo pamwambapo panalibe chonena.

Sanakondwe. A Kwacha anakhala akuwasungira ndodo yowongoka kuseri kwa kauntala, kuti anyamata asaipinde.

*

Sajeni Benedicta anamvetsera mpaka kumapeto, cholembera chili pakamwa.

"Mukundiuza kuti ndikatsegulenso mlandu chifukwa mpira wakana kubwerera?"

"Ndikukupemphani kuti mukayeze miyendo inayi. Ikapezeka yofanana, sindidzakuvutitsaninso."

Lachinayi m'mawa anafika onse: sajeni, apolisi awiri, a Vitus, ndi a Enoki atanyamula tepi ndi levulo. Mayi Luwiza anasendeza beseni lawo kuti aone bwino. Kutsidya kwa msewu, Imelda anaima atagwira njinga ya mwana wake, gudumu lakumbuyo litapindika.

"Bwana sajeni, takulandirani," anatero a Kwacha. "Fanta kapena Koko? Alamu, thamangani."

"Blessings akhale pompo," anatero Benedicta. "Madala, yezani."

A Enoki anagwada mobuula, nasolola katoni imodzi ndi zala ziwiri ngati atola khoswe wakufa. Anayeza mwendo wa pansi pa banga lija. Anakwawira kumbuyo, nayeza wina.

"Uwu wa magaziwu ndi waufupi! Uwu si wa kuno. Kwawo ndi uko." Analoza chitseko cha chipinda cha katundu.

"Madala akalamba," anaseka a Kwacha. "Tebulo timalisuntha pokolopa. Mwina anyamata analitembenuza kalekale."

"Loweruka lapitali ndinasewerapo," anatero a Vitus motsitsa mawu. "Mpira unabwerera. Inu munawomba m'manja, a Kwacha."

Benedicta anakodola apolisi ake. "Litembenuzeni."

Anyamata awiri amphamvu analinyamula movutikira, mitsempha ya m'khosi itatuluka, nalizungulitsa pakati pa chipinda. Miyendo inalowanso m'zipsera za pasimenti. A Enoki anakankhira makatoni kutali ndi phazi, naika levulo pansalu. Kadontho ka m'galasi kanayenda, kanaima pakati penipeni.

Ngodya yakuda ija tsopano inali kumbuyo, pafupi kwambiri ndi chitseko cha chipinda cha katundu, kutali ndi khomo limene Eneya anaimapo. Ndipo poti maso onse analoza kumeneko, onse anaona chimene chinalipo kuyambira kale: simenti ya pamalopo inali yoyera kuposa ya m'nyumba monse, yokwechedwa mpaka kutuwa.

"Makiyi a chipinda ichi," anatero Benedicta.

"Muli mabotolo opanda kanthu, bwana."

"Mabotolo anu akununkha petulo. Makiyi."

A Kwacha sanasunthe. Benedicta sanawakakamize. Anatembenukira kwa Blessings, nayankhula ngati akucheza.

"Waona anyamata anga mmene avutikira? Tebulo ili munthu mmodzi sangalinyamule. Pamafunika manja anayi. Awiri ndikuwaona. Ndikufunsa za enawo."

"Alamu, khalani chete," anatero a Kwacha. Mawu ofewa aja anali atatha.

Blessings anayang'ana zikhatho zake.

"Ine ndinangogwira mbali imodzi."

"Alamu!"

"Cyprian analowa akutukwana. Anati wakabaza wakana, ndiye zigubu azitulutsa yekha akagulitse kwina, za ubwenzi ndi alamu zatha. Anagwira chitseko icho. Alamu anamukoka kolala, n'kumuponya chagada, mutu patebulo." Analoza ngodya yakuda ija. "Magazi anakana kuchoka pansalu. Alamu anati apolisi akaona kuti wagwera apa atsegula chipinda. Anati tikalitembenuza palibe angadziwe, poti ndi limodzimodzi uku ndi uku, ndipo msika wonse waona Eneya akumukankha pakhomo. Mipira itayamba kugubuduka yokha, ndinaika makatoni."

"Cyprian munamunyamula nthawi yanji?"

"Titamaliza tebulo."

"Anali atafa?"

Blessings anagwedeza mutu kukana. Mawu anatuluka ngati a munthu wodwala.

"Anali akupumabe. Anandigwira mwendo wa thalauza. Galimoto ya alamu inali kuseri, mafuta ali odzaza. Koma tinayamba ndi tebulo."

Pakhonde, mayi Luwiza anavindikira pakamwa ndi nsonga ya chitenje.

Apolisi atatuluka ndi awiriwo, Benedicta anatsalira pakhomo.

"Za kukankha munthu Eneya aziyankhabe, aphunzitsi. Koma ku Lilongwe sapita. Mubwere masana mudzamusainire."

A Enoki anali akuzungulirabe tebulo lawo, akusisita thabwa lopalidwa lija ndi kudandaula chapansipansi. Kenako anatenga ndodo kuseri kwa kauntala, naipereka kwa a Vitus.

"Tayesani. Ndione ngati sanandipindire."

A Vitus anaika mpira woyera pamalo pake. Anagoneka ndodo, anaisendeza, anamenya. Mpira unagunda khoma loyamba, lachiwiri, unadutsa pafupi ndi ngodya yakuda, lachitatu, lachinayi. Unabwera mwaulesi, nudzaima pa kadontho koyera kamene unasiya ponyamuka.

"Mwaona!" anafuula a Enoki.

A Vitus anaona. Anatsamiritsa ndodo kukhoma, osati kuseri kwa kauntala, natuluka. Dzuwa linawathobwa m'maso. Anawoloka msewu pakati pa a kabaza amene anali atasonkhana kale, nafika pomwe panaima Imelda. Mayiyo anangowayang'ana pakamwa, zala zitakanirira pachiwongolero.

A Vitus anawerama, nagwira gudumu lopindika lija, naliyesa kulizungulitsa. Linakana.

"Mlongo, pitani nayo kwa okonza, aikemo masipoko. Mwini wake aifuna mawa."

Apo m'pamene Imelda anakhala pansi, m'mphepete mwa msewu, nayamba kulira.